Minibasi ya pa Katoni

Katoni ya sopo ija tinkatsekera pawindo losweka
Ndaziona anaiphwasula, naiyala pansi,
najambulapo msewu ndi bolopeni yofiira
kuchokera kwathu kuno ku Chinsapo
kukafika kudepoti ndi kubwerera.
Dayisi anasema pa sopo wouma,
madontho anachita kuboola ndi msomali.

Sabata yoyamba anasewera choncho, mwakachetechete,
kenako anati, "Ababa, msewu uwu ndi wakufa.
Msewu weniweni umalira."

Ine ndimalondera sitolo ya matayala usiku,
masana ndimagona.
Ndiye sindinaone pamene wailesi yanga yakufa ija
inachitidwa opaleshoni,
matumbo ake ofiira ndi akuda kusololedwa,
kapena pamene anapita kwa a Chimtengo okonza mafoni pamsika
kukapempha timababu ndi kabelu ka m'galimoto yachidole,
nalipira posesa pakhomo pa shopu masiku anayi.

Mabatire ndinawapeza padenga,
akuwothera dzuwa ngati abuluzi.

Nkhani yonse ili kunsi kwa katoni:
nthambo zopiringizana, zomata ndi selotepi,
zina zomanga ndi mphira wa chubu,
ndi timapepala tasiliva ta m'mapaketi a ndudu,
tiwiritiwiri, toyandikana koma tosakhudzana
ngati munthu ndi apongozi ake pamaliro.
Chitsekerero cha botolo chikaterapo chimatiyanjanitsa,
moto n'kudutsa.

Ukagwera pa maloboti, kababu kofiira: dikira.
Pa mlatho wa Lilongwe, kobiriwira: dumpha mabwalo atatu.
Ukagwera pa rodibuloko kabelu kamati tswiii,
ndipo umapereka njere ziwiri za chimanga
popanda lisiti.
Sindinamufunse kuti zimenezo anaziona kuti.

Lachisanu magetsi anazima dera lonse, ine ndili pa ofu.
Ana a nyumba zoyandikana anadzaza pakhonde,
mitu kugundana,
poti m'Chinsapo monse katoni yokhayo
ndiyo inali ndi magetsi.

Mlongo wake Khumbizeni, wa sitandade thu,
anagwera pa rodibuloko katatu.
Kabelu zii.
Ndaziona anatembenuza katoni, kulawa nthambo ndi lilime,
kuluma mabatire, thukuta lili kamukamu.
Panalibe choduka.
Mnyamata ali phee, chimanga chake chili mulu.
Kuunika ndi kandulo:
chitsekerero chake n'chapulasitiki,
anachipaka dothi kuti chioneke ngati chadzimbiri.

Ndinaseka mpaka kutsamwa.
Ndinati uyu adzayendetsa minibasi yeniyeni.

Ndaziona sanaseke. Sanamuthamangitsenso.
Anangoti, "Musiyeni amalize."

Bwalo lomaliza analilemba kuti KWATHU.
Pamenepo pali kababu koyera, kowala kuposa tinzake,
ndipo nditakayang'anitsitsa ndinazindikira
chifukwa chake tochi yanga yapantchito
yakhala ikundichititsa manyazi sabata yonse.

Khumbizeni anafika woyamba,
naika pulasitiki yake, nadikira.
Sikanayake.
Anakanikiza ndi chala.
Anapukuta dothi lija ndi malaya, naikanso.
Sikanayake.
Ana onse duu.
Kutali, jenereta ya pabala ikuguguda yokha.

Mlomo wake wam'munsi utayamba kunjenjemera
ndinatenga lumo,
ndi kudula batani lachitsulo pa yunifolomu yanga,
lapakhosi lija, limene limandithina kale,
ndi kumufumbatitsa.

Ndaziona anati, "Ayambirenso pachiyambi."

Ndipo anayambiranso.
Anadikira pa maloboti,
analipira pa rodibuloko kawiri,
njere zikutuluka m'dzanja mwake ngati akuzula mano,
nafika womaliza,
anzake ataitanidwa kale kukagona.

Kababu kanayaka.
Mofooka, poti mabatire anali atatopa,
komabe kanakwanira kuonetsa zipumi ziwiri zitaweramira katoni
ndi udzudzu umodzi ukudutsa pakati pawo.

Za batani,
zomwe ndikauze abwana mawa pa paredi,
sindinaziganizebe.